Tipite ku Coimbra ndi Licero

Phunziro la lero ndi ulendo. Tipita ku Portugal, ku mzinda wina dzina lake Coimbra. Mzindawu uli pa phiri, m'mbali mwa mtsinje wa Mondego, makilomita pafupifupi 200 kumpoto kwa Lisboa. Apwitikizi amaunyadira kwambiri. Amati ndi mzinda wa ophunzira ndi wa alakatuli, ndiye kuti anthu opeka ndakatulo. Alendo ocokera m'maiko ambiri amapita kukauona caka ndi caka.

Wina afunsa kuti: za ku Coimbra zitikhudza bwanji ife a ku Tete ndi ku Niassa? Zitikhudza ndithu. Buku limene Apwitikizi amalilemekeza koposa likamba za dziko lathu ndi anthu ake. Munthu amene analamula Portugal ndi maiko a pansi pake kwa zaka 36 anali mphunzitsi ku Coimbra. Ena amene anakana ulamuliro wake anaphunziranso komweko.

Pa ulendowu titenge licero. Mayi akakonola cimanga satsanulira zonse mu mphika. Satayanso zonse ku dzala. Amayamba wapeta, gaga apite kwake, mphale itsale. Mabuku nawonso afuna kupeta.

Sukulu ya pa phiri

Mlendo akafika ku Coimbra ayenera kukwera. Njira za mu mzinda wakale ndi zopapatiza, zoyalidwa miyala. Ina ili ndi makwerero ovuta kotero kuti eni ake anaipatsa dzina lakuti Quebra-Costas, kunena kuti cothyola msana. Pamwamba penipeni pali yunivesite, sukulu ya maphunziro apamwamba.

Mfumu Dinis ndiyo inayambitsa sukuluyi mu 1290 ku Lisboa. Inasamuka kangapo pakati pa mizinda iwiriyi. Mu 1537 inakhazikika ku Coimbra, ndipo inalowa m'nyumba imene kale inali ya mafumu. Kwathu kuno yunivesite yoyamba inatsegulidwa mu 1962 ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo. Kucokera mu 1290 kufika mu 1962 ndi zaka 672.

Pa bwalo la sukulu pali nsanja yaitali ya mabelu. Belu lina ophunzira analipatsa dzina lakuti Cabra, ndiye kuti mbuzi. Madzulo linkawauza kuti alowe m'nyumba akawerenge, m'mawa linkawaitana ku maphunziro. Ophunzira ambiri amavala mikanjo yakuda. Ena amaimba ndi magitala nyimbo zacisoni zimene dzina lake ndi fado. Mu 2013 bungwe la UNESCO linalemba sukuluyi m'gulu la malo oyenera kusungidwa cifukwa ca anthu onse a pa dziko lapansi.

Nkhokwe ya mabuku

Pa bwalo lomwelo pali nyumba ya mabuku, Biblioteca Joanina. Inamangidwa kuyambira mu 1717 mpaka mu 1728, m'nthawi ya mfumu João V. Makoma ake ndi ocindikala kwambiri kuti cinyezi ndi kutentha zisaononge mapepala. M'katimo muli mabuku akale oposa 50,000. Mosungira mabukuwo ndi mokongoletsedwa ndi golide, kuyambira pansi kufika ku denga.

Nyumbayi ili ngati nkhokwe, ndipo monga nkhokwe ili ndi adani ake. Tizilombo timadya mapepala monga anankafumbwe amadyera cimanga. Alonda ake ndi mileme. Milemeyo imakhala m'nyumba momwemo, ndipo usiku imatuluka kudya tizilomboto. Madzulo anchito amafunditsa matebulo ndi zikopa kuti zitosi zisaipitse matabwa. M'mawa amacotsa zikopazo ndi kusesa. Nzeru imeneyi ndi yabwino, ndipo mlimi ali yense aimvetsa.

Koma tisangoyang'ana golide ndi kukhala kukamwa yasa. Tifunse kuti anacokera kuti. Cuma ca mfumu João V cinali golide wa ku Brazil, ndipo okumba golideyo anali akapolo ogwidwa mu Africa. Tifunsenso kuti ankalowa m'nyumbayi ndani. Mkazi woyamba kulembedwa pa sukuluyi, Domitila de Carvalho, analowa mu 1891, patapita zaka 600 ciyambire sukulu. Makolo athu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Sitinena kuti nkhuyu itayidwe. Tinena kuti tiyambe taing'amba tisanadye.

Mlakatuli wa diso limodzi

Wamkulu wa alakatuli onse a Cipwitikizi ndi Luís de Camões. Anali msilikali, ndipo anataya diso limodzi pa nkhondo kumpoto kwa Africa. Mu 1553 anapita ku India. Pobwerera analibe ndalama zolipira combo, motero anakhala pa Ilha de Moçambique kuyambira mu 1567 mpaka mu 1569. Wolemba mbiri Diogo do Couto anamupeza pamenepo ali mmphawi, akudya kwa anzake, koma akukonzabe buku lake. Bukulo ndi Os Lusíadas. Linasindikizidwa mu 1572. Camões anamwalira pa 10 Juni 1580.

Buku lonse ndi ndakatulo imodzi yaitali. Lili ndi zigawo 10 ndi ndime 1,102, ndipo ndime ili yonse ili ndi mizere 8. Likamba za ulendo wa Vasco da Gama, amene ananyamuka ku Lisboa mu 1497 nafika ku India mu 1498. M'kati mwa ulendowo wolemba afotokoza mbiri ya mafumu a ku Portugal. Anthu a ku Coimbra amati Camões ndi wao, cifukwa bukulo litama mfumu Dinis pa nkhani ya sukulu yao, ndiponso cifukwa nkhani imene anthu amaikonda koposa m'bukumo inacitikira mu mzinda wao.

Mphale ya m'bukuli

Nkhaniyo ndi ya Inês de Castro. Pedro, mwana wa mfumu Afonso IV, anakonda Inês, ndipo anabereka naye ana. Nduna za mfumu zinaopa kuti abale a Inês adzalowerera za ufumu. Pa 7 Januwale 1355 Inês anaphedwa ku Coimbra, mfumu italola. Pedro atakhala mfumu mu 1357 anapha awiri mwa ambandawo. Lero alendo amapita ku munda wa Quinta das Lágrimas, m'mbali mwa Mondego, kukaona kasupe amene anthu amati ndi wa misozi ya Inês.

Apa Camões analemba bwino kwambiri. Anaimitsa nkhani za nkhondo ndi za mipando yacifumu, natimvetsa mau a mayi mmodzi. Inês aima pamaso pa mfumu, manja ali omangidwa, maso ali pa ana ake. Sapempha cuma. Apempha kuti amupitikitse ku dziko lakutali, pakati pa mikango, malinga alere anawo. Mfumu igwidwa cisoni, koma anthu ake aumirira, ndipo iyo igonja. Wolemba sabisa kuti uku kunali kupha munthu wosalakwa. Mayi ali yense amene anaimapo pa bwalo la milandu wopanda womuikira kumbuyo aizindikira nkhaniyi.

Nkhani yaciwiri yabwino ili kumapeto kwa cigawo 4. Zombo zili pafupi kunyamuka pa dooko la Restelo ku Lisboa. Amayi ndi akazi a amalinyero ali kulira m'mbali mwa nyanja. Pamenepo nkhalamba ina ipukusa mutu ndi kudzudzula ulendo wonsewo. Iti cimene ciwatuma ndi dyera la kulamula ndi ludzu la kuchuka. Iti zotsatira zake zidzakhala imfa, mabanja osweka ndi midzi yopanda anthu. Taganizani: buku lolembedwa kuti litame ulendo lipatsa malo munthu wotemberera ulendowo. Midzi yathu idziwa kulira kotere. Inalira pamene amuna ankatengedwa kupita ku cibalo, ndi pamene anyamata ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Mau a akulu akoma akagonera.

Komabe nkhalambayi tisaiyese bwenzi la Africa. Iyo iuza anyamatawo kuti ngati afuna nkhondo, Asilamu a kumpoto kwa Africa ali pafupi, akamenyane nao. Imvera cisoni anthu a kwao okha.

Pamene buku lifika kwathu

Tsopano tigwire licero zolimba. M'cigawo 1 zombo zifika pa Ilha de Moçambique. M'mbiri yeniyeni izi zinacitika m'mwezi wa Malici 1498. Camões anakhalapo pa cilumbaco, ndipo diso lake limodzilo linkaona bwino. Afotokoza ngalawa zazitali zopapatiza, matanga olukidwa ndi masamba a mitengo ya mtundu wa mgwalangwa, nsalu za thonje zamawangamawanga, ndi anthu olankhula Ciarabu. Zovala anaziona. Mitima sanaione. Pali zinthu zitatu zimene ife tikana.

Coyamba: m'bukumo munthu wa pa cilumba auza Apwitikizi kuti iye ndi anzake ndi alendo, ndipo kuti eni dziko ndi anthu opanda lamulo ndi opanda nzeru. Taonani kucenjera kwa wolemba. Mau onyozawo sawanena yekha, awaika m'kamwa mwa munthu wa konkuno. Koma mauwo ndi abodza. M'zaka zimenezo kumwera kwa Zambezi kunali ufumu wa Mwenemutapa, umene golide wake ankatulukira ku Sofala. Nyumba za miyala za Zimbabwe zinali zitamangidwa kalekale. M'masiku a Camões, kumpoto kwa Zambezi Amaravi, makolo athu, anali ndi Kalonga wao. Ankasula makasu ndi nkhwangwa, ankaomba nsalu za thonje, ankaweruza milandu pa bwalo. Anthu opanda lamulo sacita zotere.

Caciwiri: anthu a pa cilumba atayamba kukaikira alendowo, Camões ati anawanyenga ndi Baco, mulungu wa vinyo wa Aroma akale, amene anadzisandutsa nkhalamba ya pa cilumba. Motero wowerenga aganiza kuti kukana Apwitikizi ndi nchito ya mzimu woipa. Koma tifunse: pa dooko lanu pakafika zombo zacilendo zodzala ndi mizinga, mufuna mzimu kuti ukuuzeni kucenjera? Wolemba analanda anthuwo zifukwa zao.

Cacitatu ndico cowawa koposa. Apwitikizi aomba mudziwo ndi mizinga ndi kuutentha. Camões yemwe avomera kuti mudziwo unalibe linga ndi coutchinjiriza. Pakati pa othawa achula nkhalamba yofooka ndi mayi wolera mwana, onse akutemberera nkhondo. Tsono tiwerenge. Inês wa ku Coimbra anapatsidwa ndime 18, ndi dzina, ndi mau ake, ndi kasupe wa misozi. Mayi wa pa Ilha de Moçambique anapatsidwa mzere umodzi, wopanda dzina. Onsewo ndi amayi. Onsewo aopera ana ao. Wolemba ankadziwa kulemba misozi ya mayi, koma pa gombe lathu anapitirira mofulumira, cifukwa anali kuyang'ana ali m'combo.

Bukuli ndi lalikulu, ndipo sitilitaya. Koma wolemba wake anali ndi pamene anaima, ndipo pamenepo si pamene tiima ife. António de Oliveira Salazar, mphunzitsi wa ku Coimbra uja amene analamula kuyambira mu 1932 mpaka mu 1968, anakonda gaga wa m'bukuli. M'nthawi yake tsiku la imfa ya Camões linkachulidwa kuti Dia da Raça, tsiku la mtundu, ndipo ankatamirapo ulamuliro wa atsamunda. Mu 1940 ku Coimbra kunatsegulidwa malo osewerera ana, Portugal dos Pequenitos. Muli tinyumba tating'ono tosonyeza zigawo za Portugal, ndi nyumba zina zosonyeza maiko amene anali pansi pake, Moçambique ali momwemo. Ana ankaphunzira akusewera kuti maiko onsewa ndi ao. Malowa akalipo, ndipo mlendo wocokera kwathu ayenera kuwaona ndi maso otsegula.

Dokotala wolemba nthano

Titsike phiri. Pafupi ndi mlatho wa pa Mondego pali bwalo la Largo da Portagem. Pamenepo dokotala wina, Adolfo Rocha, anali ndi cipinda coonera odwala kwa zaka zambiri. Pa mabuku ake ankalemba dzina lakuti Miguel Torga. Torga ndi citsamba ca m'mapiri a kwao, comera pa miyala, ca mizu yolimba. Anabadwa mu 1907 kwa alimi osauka. Ali ndi zaka 13 anapita ku Brazil kukagwira nchito pa munda wa mbale wa atate ake. Atabwerako anaphunzira udokotala ku Coimbra. Mu 1939 apolisi a Salazar anamutsekera m'ndende cifukwa ca buku lake lina.

Mu 1940 anatulutsa buku la nthano, dzina lake Bichos, ndiye kuti nyama. Muli galu, mphaka, cule, tambala ndi ng'ombe yamphongo. Nthano yomariza ndi ya khwangwala dzina lake Vicente. Khwangwalayo ali m'cingalawa ca Nowa, koma atopa ndi kutsekeredwa cifukwa ca macimo a anthu. Athawa nakatera pa nsonga ya mwala. Madzi akwerakwera, koma iye akana kubwerera. Pomariza Mlengi atseka zipata za mvula, posafuna kuononga colengedwa cimene casankha ufulu.

Nthanoyi ifanana ndi zathu za madzulo, koma isiyana pamodzi. Kalulu amapambana ndi ucenjezi: anamiza Njovu, apusitsa Fisi. Vicente sanamiza munthu. Angoima pamene waima. Torga anatulutsa bukuli atangotuluka m'ndende, m'dziko limene munthu sankaloledwa kunena za kukhosi. Ife tiona kuti Torga aposa Camões pa cinthu cimodzi: iye ayang'ana ali pansi, pamodzi ndi mlimi ndi ciweto cake. Mau ake ndi ocepa ndi olimba, monga munthu wolima pa miyala.

Wophunzira apempha kulankhula

Sukulu yomwe inaphunzitsa Salazar inaphunzitsanso omutsutsa. Agostinho Neto anafika ku Coimbra mu 1947 kudzaphunzira udokotala. Anali mlakatuli, ndipo mu 1975 anakhala mtsogoleri woyamba wa Angola.

Pa 17 Epulo 1969 pulezidenti wa Portugal, Américo Tomás, anabwera kudzatsegula nyumba yatsopano ya maphunziro a masamu. Mtsogoleri wa ophunzira, Alberto Martins, anaimirira napempha mwaulemu kuti alankhule m'malo mwa anzake. Sanamulole, ndipo usiku womwewo anamangidwa. Ophunzira ananyanyala maphunziro, nakananso kulemba mayeso. Boma linadzaza mzinda ndi apolisi, ndipo atsogoleri ena a ophunzira linawalowetsa usilikali mokakamiza. Asilikali a Portugal nthawi imeneyo anali pa nkhondo ku Angola, ku Guiné ndi kwathu kuno.

Woimba José Afonso nayenso anaphunzira ku Coimbra, ndipo anayamba ndi fado wa kumeneko. Kuyambira mu 1964 mpaka mu 1967 anali mphunzitsi mu Moçambique. Anasiya kuimba za cikondi cokha nayamba kuimba za anthu ovutika. Nyimbo yake, Grândola, Vila Morena, inaimbidwa pa wailesi usiku wa pa 25 Epulo 1974. Cinali cizindikiro cakuti asilikali anyamuke akagwetse boma. Pa 25 Juni 1975 Moçambique analandira ufulu.

Dzina la Camões lifika m'manja mwathu

Portugal ndi Brazil anakhazikitsa mphoto ya olemba m'Cipwitikizi, naipatsa dzina la Camões. Woyamba kuilandira mu 1989 anali Miguel Torga. Mu 1991 anailandira José Craveirinha wa ku Maputo, woyamba mwa olemba a mu Africa. Craveirinha sanapite ku yunivesite. Anakhala m'ndende ya atsamunda kuyambira mu 1965 mpaka mu 1969. Buku lake lina analipatsa dzina lakuti Karingana ua Karingana, mau amene Aronga amayambira nthano, monga ife timanena kuti padangotero. Mia Couto wa ku Beira anailandira mu 2013. Mu 2021 anailandira Paulina Chiziane, mkazi woyamba wa mu Africa kuilandira, amene mabuku ake amakamba za moyo wa amayi m'mabanja ndi pa nkhondo.

Olembawa sanatenthe buku la Camões. Anatenga cilankhulo cake nalemba zimene iye anadumpha. Mayi uja amene anapatsidwa mzere umodzi tsopano ali ndi mabuku athunthu.

Coimbra ndi mzinda woyenera kuuona, ndipo mabuku ake ndi oyenera kuwawerenga. Koma ukulu wa sukulu ndi golide wa pa makoma sizisandutsa mau onse kukhala oona. Pa buku lili lonse, lakale kapena latsopano, la kunja kapena la kwathu, tifunse mafunso atatu. Wolemba waima pati? Wapatsa mau ndani? Nanga ndani wangomupitirira? Wodziwa kufunsa motere angathe kuweruza buku monga amaweruzira mlandu pa bwalo, pomva mbali zonse ziwiri, ngakhale anayamba kugwira pensulo ali ndi imvi.

Mafunso okambirana

1. Kodi mileme imathandiza bwanji ku Biblioteca Joanina? Nanga ife timateteza bwanji za mu nkhokwe zathu?

2. Camões anasiyanitsa bwanji Inês de Castro ndi mayi wa pa Ilha de Moçambique?

3. Nkhalamba ya ku Restelo inanena zoona pa ziti? Nanga inaperewera pati?

4. Khwangwala Vicente asiyana bwanji ndi Kalulu wa m'nthano zathu? Inu mukonda uti, ndipo cifukwa ciani?

5. Mlendo atalemba buku la mudzi wanu ataona ali pa mseu, angadumphe ziti? Lembani ziganizo zitatu za zimenezo.